Munda wa mlimi ndi malo a nyama: chifukwa chake pamafunika pulani ya zaka zambiri

Chaka chilichonse tikafika pa phunziro la kasamalidwe ka nthaka, m'kalasi mumabuka mtsutso umene tinauzolowera kale. Ophunzira ochokera kumtunda kuno, ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Vubwi, amanena kuti njovu ndi chuma cha dziko, popeza alendo amachoka kutali kudzaziona ndipo amasiya ndalama. Anzawo ochokera ku Mambwe, Lumezi ndi Chipangali amangopukusa mitu. Iwo amadziwa kuchezera pansanja m'munda chimanga chikayamba kukhwima, akuomba zitini ndi kusonkha moto usiku wonse, ndipo ena mwa iwo anaonapo thukuta la chaka chathunthu litasanduka bwalo kukamacha.

Magulu onse awiriwa amanena zoona. Funso lotsala ndi lakuti, kodi munda ndi nyama zingakhale bwanji pa dziko limodzi, lero ndi m'zaka zikubwerazi, popanda china kutha? Njira imene boma, mafumu ndi anthu akhala akuyesa ndiyo kulemba pulani ya nthawi yaitali, imene m'malamulo imatchedwa General Management Plan. Ambiri a ife timaiona ngati nkhani ya akuluakulu a boma ndi eni malo ogona alendo. Komatu pulani imeneyi ndi imene imanena pamene munthu angatsegule munda watsopano ndi pamene sangatsegule, ndipo ena mwa inu mukadzatsiriza maphunziro mudzapita kukapempha malo m'madera omwewo. N'chifukwa chake taganiza zoifotokoza.

Malo amene tikunena

Dziko la Zambia lili ndi mapaki a nyama 20 ndiponso madera 36 otchedwa Game Management Area, kapena kuti GMA mwachidule. Zonsezi pamodzi zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko lathu. Paki ndi GMA n'zosiyana, ndipo mlimi ayenera kudziwa kusiyana kwake. M'paki munthu saloledwa kumanga mudzi, kulima, kudyetsa ziweto kapena kusaka. Mu GMA anthu amakhala pa nthaka ya makolo awo pansi pa mafumu, amalima ndi kumanga, koma nyama nazo zimayendamo, ndipo kusaka n'kololedwa kwa yekhayo amene ali ndi laisensi.

Paki yaikulu imene tayandikana nayo ndi South Luangwa, ya masikweya kilomita 9,050. Chipata chake chachikulu chili pa mlatho wa ku Mfuwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera mumzinda wa Chipata. Kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa kuli Lupande GMA, dziko la Akunda, limene lili m'manja mwa mafumu asanu ndi imodzi: Mfumu Yaikulu Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Malama ndi a Msoro. Chakumpoto kuli paki yaing'ono ya Luambe ndi paki ya Lukusuzi, ya masikweya kilomita 2,720, ndipo kutsidya kwa malire, m'dziko la Malawi, kuli paki ya Kasungu.

Paki ya South Luangwa ilibe mpanda. Mbali yaikulu ya malire ake a kum'mawa ndi mtsinje, ndipo m'chilimwe madzi akachepa njovu zimaoloka madzulo n'kulowa m'midzi kukafuna mango, madimba ndi nkhokwe, m'mawa n'kubwerera. Mvuu nazo zimatuluka usiku kukadya m'mbali mwa mtsinje mmene muli minda ya mpunga ndi chimanga. Malire amene anajambulidwa pamapu nyama siziwadziwa.

Zimene mbiri ya chigwa imatiphunzitsa

Boma la atsamunda linapatula malo a nyama m'chigwa cha Luangwa mu 1938. Cha m'ma 1950 Norman Carr, amene ankagwira ntchito yoyang'anira nyama, anakambirana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu kuti mfumuyo ipatule gawo la dziko lake likhale la nyama, alendo azibwera kudzaziona, ndipo ndalama zolipira zizipita kwa eni dziko. Maganizo akuti nyama yamoyo ingapindulitse mudzi anayambira pamenepo. Carr yemweyo ndi amene anatchukitsa maulendo oona nyama poyenda pansi, amene mpaka lero amakopa alendo ku Luangwa. Mu 1972 malowa anakhala paki ya South Luangwa, ndipo dera la Nsefu linalowa m'kati mwake.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka za m'ma 1960 nkhawa ya akatswiri inali yakuti njovu zachuluka mopitirira muyeso ndipo zikutha mitengo ya tsanya. Boma linafika pomanga malo ophera nyama pafupi ndi Mfuwe kuti lichepetseko njovu ndi mvuu. Kalembera wa pandege wa mu 1973 anayerekeza kuti m'chigwa chonse munali njovu zoposa 80,000. Sipanapite zaka makumi awiri, zinthu zinatembenuka. Chuma cha dziko chitagwa, malonda a minyanga atakwera ndipo mfuti zitachuluka, njovu zambiri zinaphedwa. Zipembere, zimene zinalipo masauzande, zinatheratu, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia simunatsale chipembere chakuda ngakhale chimodzi. Zipembere zimene zili ku North Luangwa lero zinachokera ku zimene anachita kubwera nazo pa ndege kuchokera ku South Africa kuyambira mu 2003, ndipo zimalonderedwa usana ndi usiku pa mtengo waukulu.

Tsoka limeneli linaphunzitsa boma kuti alonda a mfuti okha sangateteze nyama ngati anthu okhala nazo sakuonapo phindu. Mu 1986 kunayamba pulojekiti ya Luangwa Integrated Resource Development Project, mothandizidwa ndi dziko la Norway, imene inagwira ntchito ku South Luangwa ndi Lupande. Pa nyengo yomweyo kunabweranso pulogalamu ya ADMADE, imene inkaphunzitsa achinyamata a m'midzi ku Nyamaluma kuti akhale alonda a nyama m'madera a kwawo. Kuyambira mu 1996 gawo lalikulu la ndalama za ku Lupande linayamba kufika m'magulu a m'midzi, anthu n'kumagwirizana okha pamsonkhano kuti zigwire ntchito yanji. Lamulo la nyama la mu 1998 linakhazikitsa bungwe la ZAWA ndi mabungwe a anthu otchedwa Community Resources Board, kapena kuti CRB. Lamulo la mu 2015 linathetsa ZAWA n'kubwezera ntchitoyi m'manja mwa nthambi ya boma ya Department of National Parks and Wildlife.

Pa mbiri imeneyi tikutolapo mfundo ziwiri. Yoyamba, chimene chawonongeka m'zaka khumi chingatenge moyo wa munthu kuti chibwerere, mwinanso osabwerera konse. Yachiwiri, vuto la lero silikhala vuto la mawa: amene ankaopa kuchuluka kwa njovu anadzalira kutha kwake. Choncho pulani iyenera kuona patali, komanso iyenera kumaunikidwanso.

Chifukwa chake chaka chimodzi sichikwanira

Mlimi amadziwa kale kuganiza mopitirira chaka chimodzi. Chimanga chimacha m'miyezi inayi, koma kasinthasintha wa chimanga, nshawa ndi soya timamukonza pa zaka zitatu, ndipo wobzala mtengo wa msangu m'munda amadikira zaka zambiri kuti masamba ake ayambe kubwezera chonde. Nyama zazikulu zili ngati msangu. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, imabereka mwana mmodzi pa zaka zinayi kapena zisanu, ndipo ingakhale ndi moyo zaka 60. Njovu yaikulu imadya makilogalamu pafupifupi 150 pa tsiku, choncho siingakhale pamalo amodzi. Imayenda m'njira zimene inaphunzira kwa amayi ake, ndipo siziiwala. Ku Mfuwe Lodge, nyengo ya matondo ikafika chakumapeto kwa chaka, njovu zimadutsa m'chipinda cholandirira alendo popita ku mtengo wa mtondo umene zinauzolowera. Kwa alendo zimenezi n'zosangalatsa. Koma tangoganizani ngati pa njira yotereyi pakanakhala nkhokwe yanu kapena sukulu ya ana anu.

Mtsinje nawo suima. Luangwa amayenda mokhotakhota pa nthaka yofewa, amagumula gombe limodzi n'kuunjika mchenga ku gombe linalo, ndipo nthawi zina amasiya njira yake yakale n'kutsala thamanda. Malo amene lero ndi dimba kapena msasa wa alendo angakhale pakati pa madzi zaka khumi zikubwerazi.

Chachitatu ndi ife anthu. Kalembera wa mu 2010 anapeza kuti m'Zambia munali anthu 13 miliyoni, pamene wa mu 2022 anapeza oposa 19 miliyoni, ndipo chigawo chathu cha kum'mawa chokha chinali ndi anthu pafupifupi 2.5 miliyoni. Kale chigwa chinkatetezedwa ndi kutentha, kuvuta kwa misewu ndi kashembe amene amapha ng'ombe. Masiku ano msewu wa ku Mfuwe ndi wa phula, minda ya kumtunda yachepa ndi kuguga, ndipo mabanja ambiri akutsikira kumunsi kukafuna nthaka yatsopano ya thonje ndi chimanga. Banja lililonse likamatsegula mahekitala awiri limaona kuti ndi kamalo kochepa. Koma mabanja chikwi akachita zomwezo m'mbali mwa mtsinje umodzi, njira ya nyama yopita kumadzi imatsekeka popanda amene anaganiza zoitseka. Pulani imalembedwa kuti chinthu chotere chisamangochitika chokha, koma anthu achione chisanafike n'kugwirizana chochita. Nthawi zambiri imakonzedwa kuti igwire ntchito zaka khumi, ndipo pakati pake imayenera kuunikidwa.

Zimene zimalembedwa m'pulani

Ntchito imayamba ndi kudziwa zimene zilipo. Nyama zikuluzikulu amaziwerenga ali pandege, ndipo alonda amalemba zimene amaona poyendera thengo. Kenako amajambula midzi, minda, madambo, zitsime, masukulu, manda ndi nkhalango zimene makolo anazipatula. Pa gawo limeneli nzeru za anthu a m'mudzi n'zofunika kwambiri, chifukwa gogo amene wakhala pamalopo moyo wake wonse amadziwa pamene njovu zimaolokera, dambo limene siliuma ndi chigwa chimene chimasefukira.

Chotsatira ndi kugawa malo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mu GMA amapatula malo okhala anthu ndi kulima, mmene chitukuko chimaloledwa. Amapatulanso malo a nyama, mmene munthu satsegula munda watsopano kapena kumanga mudzi, ngakhale kuti kumweta udzu, kuika ming'oma ya njuchi, kufuna mankhwala ndi kutola nkhuni zouma kungaloledwe motsatira mgwirizano. Pakati pa awiriwa pamakhala malo ogwiritsidwa ntchito mosamala, ndipo njira za nyama zopita kumadzi zimasiyidwa zotseguka. Nako m'paki amagawa: kwina n'koyenda magalimoto a alendo, kwina n'kwa oyenda pansi okha, kwina n'kosiyidwa kopanda nyumba kapena msewu.

Pulani imaikanso malire a chiwerengero. Imatsogolera pa nkhani ya kuchuluka kwa nyama zimene alenje olipira angaphe pa chaka popanda kuchepetsa mtundu wake, kuchuluka kwa malo ogona alendo, ndi kutalikirana kwake. Imanena za moto: kutentha msanga, udzu usanaumitsitse cha mu Meyi ndi Juni, kumateteza mitengo ing'onoing'ono, pamene moto wa mu Seputembala ndi Okutobala umapsereza zonse ndi kusiya nthaka pamtunda kuti mvula yoyamba iikokolole. Imanenanso mmene anthu adzatetezere minda ndi miyoyo yawo, ndi amene ayenera kuthamangira kumudzi nyama ikavuta.

Pomaliza pali ndalama. Mwa dongosolo limene lakhala likutsatidwa, theka la ndalama zimene mlenje amalipira pa nyama imene wapha mu GMA limabwerera kwa eni dera: pa K100 iliyonse, K45 imapita ku CRB ndipo K5 kwa mfumu. Ndalama za CRB zimalipira alonda a m'midzi ndi kuthandiza pa zitukuko monga zitsime, makalasi ndi zipatala zing'onozing'ono. Nthawi zina ndalamazi zakhala zikuchedwa kufika, ndipo mabungwe a CRB adandaulapo poyera. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Dandaulo la kuchigwa ndi lakuti kawirikawiri mvula imagwera kwina, matope n'kugwera kwina: wopeza ntchito ku malo a alendo ndi wina, wodyeredwa chimanga ndi wina, ndipo kupeza chipukutamisozi pa mbewu zowonongedwa n'kovuta kwambiri. Pulani imene siyankha dandaulo limeneli anthu saisunga, ngakhale italembedwa bwino motani.

Tisaiwale kuti pulaniyi si malangizo chabe. Lamulo limafuna kuti pokonza pulani anthu okhudzidwa afunsidwe, ndipo limafunanso kuti aliyense wokhala kapena wosamukira mu GMA atsatire zimene pulani ya deralo ikunena. Wosapita kumsonkhano imam'mangabe mofanana ndi amene anapita.

Alendo, ndi ife eni dziko

Mbali ina ya pulani ndi yokhudza anthu obwera kudzapuma ndi kusangalala. Chimene mlendo amalipira ndi bata la thengo: kuona nyalugwe usiku, gulu la njati likutsikira kumadzi, mvuu zitadzaza thamanda, ndiponso nyamalikiti wa Thornicroft ndi nyumbu ya Cookson, zimene kwawo ndi m'chigwa cha Luangwa chokha. Magalimoto khumi akaunjikana pa mkango umodzi, kapena malo ogona akamangidwa mothithikana m'mbali mwa mtsinje, chimene mlendo anadzera chimatha, ndipo chaka chamawa amapita kwina. Apa mlimi angamvetse msanga: dambo limene lingadyetse ng'ombe makumi awiri ukaikapo zana, umataya dambo ndi ng'ombe zomwe. N'chifukwa chake pamakhala malamulo a nthawi yolowera ndi kutuluka m'paki, oletsa kuyendetsa galimoto pathengo popanda msewu, ndi ofuna kuti oyenda pansi aperekezedwe ndi mlonda wa mfuti.

Malonda a alendo ali ndi nyengo yake ngati ulimi. Alendo amachuluka kuyambira mu Juni mpaka Okutobala, ndipo misasa yambiri ya m'thengo imatsekedwa mvula ikayamba chifukwa dothi la kuchigwa limasanduka matope oti galimoto siingadutse. Nyengo imeneyi ndi yomweyo ya ulimi wa m'dimba. Malo ogona alendo amafuna tomato, letesi, anyezi, zipatso, mazira, nkhuku ndi uchi sabata iliyonse, ndipo amagula kwa mlimi amene sadumphitsa, wobweretsa zaukhondo pa tsiku limene anapangana. Gulu la alimi lobzala mosiyanitsa masabata lingasunge msika wotere kuposa munthu mmodzi. Ku mudzi wa Kawaza anthu anapeza njira inanso: amalandira alendo m'mudzi mwawo momwe kuti aone moyo wa Akunda.

Koma paki si ya alendo akunja okha. Nzika ya Zambia imalipira ndalama zochepa polowa, mu kwacha. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Mfuwe angakule akudziwa njovu ngati mdani wa usiku basi, ndipo mwana wa ku Chipata angamalize sukulu asanaonepo mvuu, pamene ili ulendo wa maola ochepa. Mabungwe monga Chipembele Wildlife Education Trust amaphunzitsa ana a m'chigwa za nyama ndi chilengedwe. Pulani yabwino imasiya malo a maulendo a masukulu, malo odyerapo ndi ogona otsika mtengo, kuti eni dziko nawonso azipumako. Munthu amasamala chimene anachiona ndi maso ake n'kuchikonda.

Pamene pulani yachedwa

Zimene zachitika pakati pa Lukusuzi ndi Kasungu zitichenjeze. Paki ya Lukusuzi inakhala zaka zambiri yopanda alonda okwanira ndi alendo, ndipo anthu ofuna minda analowamo n'kukhazikika. Mu 2015 boma linawachotsamo. Mabanja amene anagwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kumanga nyumba anasiya zonse. Kaya analowa mosadziwa kapena anachita kuuzidwa ndi wina kuti malowo alibe mwini, thukuta lawo linapita pachabe.

M'chaka chomwecho cha 2015 maiko a Zambia ndi Malawi anasainirana pangano losamalira limodzi malo a nyama a m'malire, ndipo Kasungu ndi Lukusuzi ali m'pangano limeneli. Pakati pa mapaki awiriwa pali midzi ndi minda ya anthu, monga m'madera a mafumu Mwasemphangwe ndi Chikomeni, ndipo nyama zimadutsamo. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Chitsatireni zimenezo, alimi a mbali zonse ziwiri za malire adandaula za minda ndi nkhokwe zowonongedwa, ndipo pali mabanja amene ataya abale awo. Phunziro lake ndi lomveka: kumene kukubwera nyama, zoteteza anthu ziyenera kutsogola, ndipo anthu a mbali zonse za malire ayenera kumvedwa ntchito isanayambe.

Chilala cha mu 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko, chinatikumbutsanso kuti madzi akachepa anthu, ziweto ndi nyama zonse zimathamangira pa madambo ndi mathamanda omwewo. Pulani yokonzedwa poganizira zaka za mvula yabwino zokha imalephera pa nthawi imene ikufunika kwambiri.

Gawo la mlimi wa kumtunda

Wina anganene kuti, ine ndimalima ku Chadiza, njovu sindinaionepo, zimenezi zikundikhudza bwanji? Mitsinje monga Lutembwe, Msandile ndi Lupande imayambira kumtunda kuno n'kutsikira kuchigwa. Tikameta mapiri chifukwa cha makala ndi nkhuni zoumitsira fodya, tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, madzi a mvula amathamanga ndi dothi lathu. Kumunsi kumasefukira mu Januwale, mitsinje n'kudzala mchenga n'kuuma msanga m'chilimwe. Damu la Lutembwe, limene anthu a mumzinda wa Chipata amamwako, limakwiririka ndi dothi lomwelo. Mapiri ozungulira mzinda wathu, monga Kanjala, angakhale malo opumirako mabanja ndi ana a sukulu ngati atasungidwa ndi mitengo yake.

Komanso munda wa kumtunda ukaguga, mwini wake ndi amene amasamukira kuchigwa. Choncho manyowa, kuphimbira nthaka, kasinthasintha wa mbewu ndi mitengo ya gilirisidiya ndi msangu zimene timaphunzira pano zimatetezanso thengo limene lili makilomita zana kuchokera pamunda wathu. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 ndipo lili ndi fakitale ku Chipata, linamanga ntchito yake pa mfundo imeneyi: limagula nshawa, soya, mpunga ndi uchi kwa alimi osamala nthaka, ndipo ambiri amene ankasaka mozemba anapereka mfuti ndi misampha yawo atapeza njira ina yopezera chakudya. Lamulo la nkhalango la mu 2015 limalolanso mudzi kupanga gulu lovomerezeka loyang'anira nkhalango yake. Mudzi wotere umafunika pulani yakeyake, yaing'ono koma yofanana ndi imene tafotokozayi.

Zoyenera kuchita

Musanalandire malo mu GMA kapena pafupi ndi paki, musakhutire ndi mawu a munthu mmodzi. Kaonaneni ndi anyakwawa ndi amfumu monga mwa mwambo, kenako mukafunse ku ofesi ya CRB kapena ya nthambi yoona za nyama kuti malowo ali m'gawo liti la pulani. Pemphani kuona mapu. Funsani okhala pamalopo ngati nyama zimadutsapo. Nthaka yachonde imene anthu akale anaisiya osalima kawirikawiri inasiyidwa pa chifukwa.

Ngati mukulima kale kumene kumafika nyama, yandikizani minda yanu pamodzi. Minda yomwazikana m'thengo imafuna mlonda pa munda uliwonse, pamene minda yogundizana ingalonderedwe ndi anthu ochepa mosinthana, pa nsanja zochepa. Tsabola wowawa amathandiza: njovu sizimudya, fungo lake zimadana nalo, ndipo amagulitsika. Ena amamupaka pa zingwe ndi nsanza zozungulira munda, ena amamusakaniza ndi ndowe n'kuumba njerwa zofukiza usiku. Kololani msanga mbewu zikangouma, ndipo musunge chimanga m'nkhokwe za simenti zimene ambiri amazitcha felumbu, popeza nkhokwe ya nsungwi njovu imaiphwasula mosavuta. Musagone m'nyumba imodzi ndi chimanga kumene njovu zimalowa m'mudzi. Njira iliyonse payokha nyama zimadzaizolowera, choncho muzisinthasintha.

Nyama zikawononga, kanenenitu msanga, ndipo mulembe m'buku lanu tsiku, mtundu wa nyama, mbewu ndi kukula kwa malo owonongeka. Pa nthawi younika pulani, mudzi wobwera ndi zolemba za zaka zitatu umamveka kuposa wobwera ndi mkwiyo wokha.

Koposa zonse, pitani kumisonkhano. Mamembala ambiri a CRB amasankhidwa ndi anthu a m'deralo kudzera m'magulu a m'midzi otchedwa Village Action Group, ndipo mfumu ndiyo imakhala kholo la bungwelo. Inu amene mwaphunzira kuyeza munda, kuwerenga mapu ndi kusunga mabuku a ndalama muli ndi luso limene mabungwewa amalisowa. Amayi asatsalire, chifukwa ndi iwo amene amatunga madzi ndi kutola nkhuni m'malo mmene mumayenda nyama, ndipo akudziwa bwino pamene pali ngozi. Mukafika kumeneko mufunse mafunso osavuta: pulani ya dera lathu inalembedwa liti, idzatha liti, malire a malo olima ali pati, ana athu akadzakula adzalima kuti, ndalama zimene zinabwera chaka chatha ndi zingati ndipo zinagwira ntchito yanji.

Ophunzira akale amene muli m'makomiti a CRB, m'magulu a m'midzi kapena a nkhalango, tilembereni mutiuze mmene zikuyendera kwanuko, zabwino ndi zovuta zomwe. Ngati mungapeze mapu a kagawidwe ka malo a dera lanu, mubwere nawo podzatichezera, kuti amene akuphunzira tsopano adzawaone asanapite kukapempha malo.